Mboni ili kunja kwa dziko: momwe mungapezere umboni kudzera mu kalata yopempha ya khoti

Funso lakuti mungapeze bwanji umboni womwe uli kunja kwa dziko limabwera m'njira zosiyanasiyana koma mutu wake ndi umodzi. Wina akuti munthu amene anasayinira mgwirizano anasamukira ku Germany ndipo foni sakuyankhanso. Wina akuti ndalama zinadutsira kubanki ya ku London, koma bankiyo yakanitsitsa kutulutsa zikalata popanda lamulo la khoti. Winanso ndi loya wongoyamba kumene ntchito, amene bwana wake wangomuuza kuti akonze letter of request, kalata yopempha umboni, n'kutuluka mu ofesi. Kuyankha mmodzimmodzi kwandikwana, ndiye ndalemba pano kuti wofunsa mawa ndizingomulozera.

Mphamvu za khoti zimathera m'malire a dziko lake. Chikalata choitanira mboni chikangowoloka malire chimasanduka pepala wamba, ndipo mboni ikachinyalanyaza palibe angaigwire. Amene angaikakamize ndi khoti la kumene ikukhala. Kalata yopempha umboni ndi pempho lochokera kwa woweruza wa mlandu wanu kupita kwa woweruza mnzake wa dziko lina, kuti aitane mboni, aifunse mafunso kapena ailamule kutulutsa zikalata, kenako atumize zomwe wapeza. Wolemba mawu ake ndi inu kapena loya wanu, koma mwini kalata ndi khoti. M'mabuku ena mudzapeza dzina lakuti letters rogatory, makamaka pamene kalatayo ikudzera kwa akazembe. Zomwe ndikufotokoza pano n'za milandu ya pakati pa anthu kapena makampani: ngongole, malonda, chuma cha masiye, za m'banja. Milandu yaupandu ili ndi njira yakeyake. Komanso kalata imeneyi si yoperekera zikalata za mlandu kwa wosumiridwa, ntchito imeneyo ili ndi pangano lake la pakati pa mayiko la mu 1965, ndipo si yolandira katundu wa munthu mukapambana mlandu.

1. Yambani mwadzifunsa ngati kalatayo ikufunikadi

Njira imeneyi imadya nthawi ndi ndalama. Ngati zikalata zili m'manja mwa amene mukulimbana naye pa mlanduwo, khoti lanu likhoza kumulamula mwachindunji kuti azibweretse ngakhale zili kunja, chifukwa iyeyo ali kale pansi pa khotilo. Kalata yopempha imafunika kwambiri pa munthu wapadera, amene si wodandaula kapena wosumiridwa, ndipo sakufuna kuthandiza.

Nanga mboni ikavomera yokha? Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Amaganiza kuti poti munthu wavomera, angokwera ndege n'kukamufunsa mu hotela, kapena kumulumikiza pa vidiyo. M'mayiko ena zimenezo zilibe vuto. M'mayiko ena, kutenga umboni wa khoti ndi ntchito ya boma, ndipo mlendo akaichita popanda chilolezo wapalamula. Ku Switzerland ndime 271 ya malamulo a zaupandu imaletsa kugwirira ntchito boma lakunja m'dzikolo popanda chilolezo, ndipo kutenga umboni wa khoti lakunja kumalowa pamenepo. France ili ndi lamulo la mu 1968, lomwe linakhwimitsidwa mu 1980, loletsa kufunafuna nkhani za malonda ndi zachuma zokagwiritsa ntchito pa mlandu wakunja osadzera m'njira zovomerezeka. Mu 2007 khoti lalikulu la dzikolo linavomereza chindapusa cha ma euro 10,000 kwa loya amene anachita zimenezi pofuna kuthandiza mlandu wa ku California. Nako ku China salola kuti maloya akunja azikafunsa mboni molumbiritsa popanda chilolezo cha akuluakulu. Choncho mboni kuvomera sikukwanira. Dziko lake nalo liyenera kukhala lololeza.

Mboni ikakhala ku United States muli ndi mwayi wina. Lamulo lawo lotchedwa 28 U.S.C. § 1782 limalola munthu wokhudzidwa ndi mlandu wakunja kupempha yekha kukhoti la boma la chigawo chomwe mboni ikukhala kapena ikupezeka, popanda kalata yochokera kwa woweruza wake. Pa mlandu wa Intel ndi Advanced Micro Devices mu 2004, khoti lalikulu la dzikolo linanena kuti mlandu wakunjawo sukuyenera kukhala utayamba kale, bola pakhale poonekeratu kuti ukubwera. Koma mu 2022, pa mlandu wa ZF Automotive ndi Luxshare, linatseka khomo limeneli kwa anthu amene mkangano wawo uli m'manja mwa ogamula milandu apadera (private arbitration) osati khoti.

2. Pezani njira yomwe kalata idzere

Njira yodziwika kwambiri ndi Pangano la ku Hague (mzinda wa ku Netherlands) lokhudza kutenga umboni kunja, lomwe linasayinidwa pa 18 March 1970 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1972. Mayiko oposa 60 ali m'panganoli, kuphatikizapo United Kingdom, United States, France, Germany, China, India ndi South Africa. Dziko lililonse limasankha ofesi yolandira makalatawa, imene imatchedwa Central Authority, ndipo kalata imapita kumeneko osadzeranso kwa kazembe.

Musangoona mayina a mayiko awiri pa mndandanda n'kusangalala. Malinga ndi ndime 39 ya panganoli, dziko lolowa m'panganoli mochedwa limamangika ndi mayiko okhawo amene alengeza kuti alilandira, ndipo ubalewo umayamba patatha masiku 60 chilengezocho chitaperekedwa. Mayiko awiri akhoza kukhala m'pangano limodzi koma pakati pawo palibe chowamanga. Bungwe la HCCH, lomwe limasamala panganoli, lili ndi tebulo pa intaneti losonyeza kuti ndani analandira ndani. Lioneni musanalembe chilichonse.

Ngati dziko lanu kapena la mboni silili m'panganoli, monga Canada ndi Japan, onani ngati pali pangano lina pakati pa mayiko awiriwo. Likasowa, kalata imayenda njira yakale: kuchoka kukhoti kupita ku unduna wa zamayiko akunja, kuchoka uko kupita ku ofesi ya kazembe, kenako ku unduna wa dziko linalo, n'kutsikira kukhoti. Pa tebulo lililonse imagonapo, moti chaka chathunthu chikhoza kutha yankho lisanabwere. Dziko lolandiralo silikakamizika; limathandiza chifukwa cha ulemu womwe makhoti amapatsana. Mayiko ena amalola kuti loya wa komweko atenge kalata yosayinidwa n'kupita nayo yekha kukhoti, monga amachitira ku Canada, ndipo zikatere njira imafupika kwambiri. Makhoti a mayiko a European Union, kupatula Denmark, ali ndi lamulo lawolawo, Regulation 2020/1783, lomwe limawapatsa masiku 90 oti ayankhane, koma limagwira ntchito pakati pa iwo okha.

3. Werengani zomwe dziko lolandira linalengeza

Dziko lililonse polowa m'pangano la ku Hague limanena zomwe likuvomera ndi zomwe likukana. Yang'anani zinthu zitatu. Choyamba ndi chilankhulo: ndime 4 imati kalata ya Chingerezi kapena Chifalansa ilandiridwe pokhapokha dzikolo litakaniratu, ndipo ambiri anakana, Germany imafuna Chijeremani. Chachiwiri ndi ofesi yeniyeni yolandira. Ku England ndi Wales ndi Senior Master wa ku Royal Courts of Justice mu London, ku United States ndi ofesi ya mu Department of Justice ku Washington, pamene ku Germany ndi ku Switzerland chigawo chilichonse chili ndi ofesi yake, ndiye muyenera kudziwa kumene mboni ikukhala. Chachitatu ndi ndime 23, imene imalola dziko kukana makalata ofuna kuti munthu atulutse mulu wa zikalata mlandu usanayambe kuzengedwa, monga zimachitikira ku America. Mayiko ambiri analengeza pa ndime imeneyi, ena mokaniratu, ena moika malire. France, mwachitsanzo, kuyambira mu 1987 imalola ngati zikalatazo zatchulidwa chimodzichimodzi ndipo zikukhudzana mwachindunji ndi mlanduwo.

4. Pezani loya wa dziko lolandira musanalembe, osati mutalemba

Ambiri amasiya zimenezi mpaka kalata itabwezedwa. Pamenepo woweruza wanu anasayina kale, ndipo kuti musinthe ngakhale chiganizo chimodzi muyenera kubwereranso kukhoti lanu ndi pempho latsopano. Loya wa kumeneko akawerenga zomwe mwalemba zisanasayinidwe, amakuuzani mawu amene makhoti akwawo amadana nawo, ndipo ndi yemweyo amene adzalondoloze kalatayo ikafika.

5. Kulemba kalata

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo malangizo ambiri amangodutsapo ndi mawu akuti "lembani zofunika zonse". Ndime 3 ya panganoli imatchula zoyenera kupezekamo: khoti lopempha ndi lopemphedwa ngati mukulidziwa, mayina ndi maadiresi a anthu a pa mlandu ndi maloya awo, mtundu wa mlandu, umboni womwe ukufunika, dzina ndi adiresi ya mboni, mafunso kapena mitu ya mafunso, zikalata kapena katundu woti aonedwe, ngati mboni ilumbire, ndi njira yapadera iliyonse yomwe mukufuna. HCCH ili ndi fomu yachitsanzo; igwiritseni ntchito, chifukwa maofesi olandira anaizolowera ndipo amadziwa pamene angapeze chilichonse.

Koma kudzaza fomu si kulemba kalata. Ganizirani za amene adzaiwerenge: woweruza wa dziko lina, amene mlandu wanu sakuudziwa ngakhale pang'ono, mwina akuwerenga zomasulira, ndipo udindo wake woyamba ndi kuteteza munthu wakwawo amene sanapalamule kanthu koma akusokonezedwa ndi mkangano wa anthu ena. Iye akufuna kuona zinthu ziwiri: kuti umboniwo udzagwiritsidwadi ntchito pozenga mlandu, komanso kuti mukudziwa chomwe mukufuna.

Pofotokoza mlandu, musathiremo madandaulo onse a kasitomala wanu. Lembani mwachidule komanso mosakondera, mutchule zomwe mbali iliyonse ikunena, ndiponso mfundo zenizeni zomwe khoti liyenera kugamula. Kumbukirani kuti akusayina ndi woweruza wanu, ndipo sangaike dzina lake pansi pa mawu onena kuti wosumiridwa ndi wakuba mlandu usanazengedwe. Kenako lumikizani mboni ndi mfundozo. Osangoti "mboniyi ikudziwa za nkhaniyi". Nenani kuti inali injiniya wa kampani yogulitsa pa nthawi yakutiyakuti, ndiyo inayesa makinawo asanatumizidwe, ndipo dzina lake lili pa lipoti la kuyesako.

Pa zikalata ndi pomwe makalata ambiri amafera. Tiyerekeze kuti mukufuna umboni wakuti ndalama zinalipidwa. Wolemba mwachangu amati: "zikalata zonse, maimelo ndi mauthenga okhudzana ndi malipiro pakati pa kampani A ndi kampani B." Ku England pempho lotere silidutsa. Lamulo lawo la mu 1975, Evidence (Proceedings in Other Jurisdictions) Act, limaletsa khoti kulamula munthu kuti anene zikalata zomwe ali nazo, ndipo limangolola kutulutsa zikalata zotchulidwa mwachindunji zomwe zikuoneka kuti munthuyo ali nazo. Oweruza a kumeneko amati pempho lotambalala n'kuwedza, kuponya khoka osadziwa ngati m'madzimo muli nsomba. Mu 1977, pa mlandu wa Rio Tinto Zinc ndi Westinghouse wokhudza malonda a uranium, House of Lords, lomwe panthawiyo linali khoti lomaliza ku Britain, linakana kuthandiza makalata ochokera kukhoti la ku Virginia, ndipo linadzudzula mawu otambalala ofuna zikalata zilizonse zokhudzana ndi nkhaniyo. Mu 1985, pa mlandu wa inshuwalansi ya asbestos, woweruza wa ku House of Lords, Lord Fraser, anapereka chitsanzo chimene ndimauza aliyense kuti achiloweze. Kupempha masitetimenti a mwezi ndi mwezi a chaka cha 1984, a akaunti yakutiyakuti, kubanki yotchulidwa dzina, n'kololedwa, bola pakhale umboni wakuti ankatumizidwadi mwezi uliwonse. Kupempha masitetimenti onse a kubanki a munthuyo a chaka cha 1984 n'kosaloledwa. Kusiyana kwake kumaoneka kwakung'ono, koma pempho loyamba likuloza mapepala odziwika, pamene lachiwiri likutuma mboni kukafufuza yokha kuti ipeze zomwe inu simukuzidziwa.

Ndiye chikalata chilichonse chiyeseni ndi mafunso awa. Kodi ndingatchule mtundu wake, wolemba, wolandira ndi nthawi yake? Kodi ndili ndi chifukwa chonenera kuti chilipodi, mwina chifukwa imelo ina inachitchula kapena lamulo limakakamiza kampani kuchisunga? Kodi mlembi wa kampaniyo atawerenga akhoza kupita pa shelefu n'kuchitenga osafunsa loya tanthauzo lake? Mawu monga "zonse", "zilizonse", "zokhudzana ndi" ndiponso "kuphatikizapo koma osati zokhazo" achotseni. Lembani chikalata chilichonse pa mzere wake ndi nambala yake. Makhoti a ku England amatha kufufuta mzere woipa n'kusiya yabwino, koma sadzakulemberani kalata yatsopano, choncho mukaphatikiza zonse m'chiganizo chimodzi chachitali, chikagwa zonse zagwa.

Mafunso a mboni nawo amafuna kudziwa dziko lomwe akupita. Ndime 9 imati khoti lolandira limatsata njira zakwawo. Ku England ndi ku America kawirikawiri maloya ndi amene amafunsa, ndiye mitu yomveka bwino imakwanira. Ku Germany wofunsa ndi woweruza. Amauza mboni kuti ifotokoze zomwe ikudziwa, amafunsa mafunso, kenako amalankhula mwachidule zomwe wamva m'makina ojambulira mawu mboni ikumvetsera, ndipo ikavomereza kuti n'zomwe inanena, chimenecho ndiye chimalembedwa. Mawu enieni a mboni, kuzengereza kwake, kudzitsutsa kwake, sizilowa papepala. Ngati munalemba funso lakuti "fotokozani za makinawo", mudzalandira ndime imodzi yosathandiza. Lembani mafunso achindunji, lililonse lofunsa chinthu chimodzi, m'ndondomeko yomwe zinthu zinachitikira, ndipo muikemo a mtundu uwu: "ngati yankho la funso 7 ndi inde, ndani anakuuzani, ndipo linali tsiku liti?" Woweruza wakunja sadziwa poti alondole pokhapokha mutamulozera. Zikalata zomwe mukufuna kuti mboni ionetsedwe ziphatikizeni ndi kuzipatsa manambala. Mafunso onyoza kapena okola mboni asiyeni, woweruza amangowadumpha.

Ngati khoti lanu limafuna umboni wolumbirira, wolembedwa liwu ndi liwu, kapena kuti maloya a mbali zonse apatsidwe mpata wopanikiza mboni ndi mafunso, pemphani zimenezo momveka m'kalatamo. Ndime 9 yomweyo imati njira yapadera itsatidwe pokhapokha ikusemphana ndi malamulo a dzikolo kapena ndi yosatheka. Chomwe simunapemphe sadzachita. Pemphaninso, motsatira ndime 7, kuti akudziwitseni tsiku ndi malo, kuti inu ndi a mbali inayo mukakhalepo. Ngati mukufuna kuonera pa vidiyo, nenani pomwepo.

Chomaliza pa gawoli ndi ufulu wa mboni wokana kuyankha, monga pa zinsinsi za loya ndi kasitomala wake kapena pa yankho lomwe lingaigwetse m'mlandu waupandu. Ndime 11 imati mboni ikhoza kudalira malamulo a kwawo, komanso a kwanu ngati kalata yawatchula kapena khoti lanu lawatsimikiza pambuyo pake. Alembeni poyambirira. Mukapanda kutero, mboni ikakana, khoti lakunja limaima n'kulembera khoti lanu kufunsa, ndipo miyezi imapita.

6. Pemphani khoti lanu kuti lisayine

Malamulo a kayendetsedwe ka milandu a kwanu ndi amene akunena mmene pempholi liyenera kukhalira. Kawirikawiri pamafunika pempho lolembedwa, chikalata cholumbirira chofotokoza chifukwa chake mboniyo ndi yofunika komanso kuti munayesa kuipempha mwaulemu koma zinakanika, ndi kalata yokonzedwa kale yongodikira siginecha ndi chidindo. A mbali inayo adziwitsidwe. Akhoza kutsutsa, akhozanso kuwonjezera mafunso awo, ndipo ndi bwino atero, chifukwa umboni wotengedwa iwo osadziwa amadzautsutsa pa tsiku lozenga. Pemphani msanga. Woweruza amene waika kale tsiku la mlandu sakondwa kumva kuti muimitse zonse podikira yankho la kunja. Ngati tsikulo lilipo, lilembeni m'kalata ndi chifukwa chake yankho likufunika lisanafike.

7. Masulirani ndi kutumiza

Zomasulira ziyenera kutsimikiziridwa ndi kazembe, womasulira wolumbira, kapena munthu wina wololedwa m'dziko limodzi mwa awiriwo. Zikalata zophatikiza nazonso zimamasuliridwa, ndiye musaphatikize mafayilo onse a mlandu. Tsamba lililonse mudzalilipira. Loya wanu wa kunja awerenge mafunso omasulirawo, poti liwu limodzi la zamalonda likapotoka mboni imayankha funso lina. Pansi pa pangano la Hague simufunika kuyenda ndi kalata m'maofesi kuti aidinde zidindo zotsimikizira. Onetsetsani adiresi ya mboni. Makhoti ambiri sadzakufufuzirani komwe munthu anasamukira. Tumizani m'njira yoti muzitha kulondola, ndipo patapita milungu ingapo loya wa kumeneko afunse ngati yafika pa tebulo loyenera.

8. Kalata ikafika

Ofesi yolandira ikaona vuto imayenera kudziwitsa otumiza mwamsanga ndi kunena chomwe chalakwika. Zifukwa zokanira kalata yolembedwa bwino n'zochepa: ndime 12 imatchula ziwiri, kuti ntchitoyo si ya makhoti m'dzikolo, kapena kuti ikuopseza ufulu ndi chitetezo cha dziko. Sangakane pongoti kwawo mlandu wotere kulibe. Mboni ikazemba, khotilo limaikakamiza monga lingachitire pa mlandu wakwawo. Ntchito ya khoti lenilenilo njaulere pansi pa ndime 14, koma malipiro a akatswiri, otanthauzira ndi njira yapadera yomwe munapempha akhoza kubwera kwa inu, osawerengera loya wanu wa kunja, amene nthawi zambiri ndiye amatenga gawo lalikulu.

9. Umboni ukabwera

Umabwerera njira yomwe kalata inadzera, kupita kukhoti lanu. Kubwera kwake sikutanthauza kuti walandiridwa pa mlandu. Woweruza wanu adzauyesa ndi malamulo a umboni a kwanu, ndipo a mbali inayo adzafunsa ngati mboni inalumbira, ngati anadziwitsidwa za tsikulo, ngati anapatsidwa mpata wofunsa, ndiponso ngati zomasulira n'zolondola. Sungani kalata iliyonse yowadziwitsa ndi umboni wakuti anailandira. Ngati khoti lakunja layankha mbali ina n'kukana ina, liyenera kupereka zifukwa. Ziwerengeni bwino, chifukwa kawirikawiri zimakuuzani mawu oti mukonze. Mayankho a mboni nthawi zina amatchula chikalata chomwe simunkachidziwa, ndi tsiku lake ndi wolemba wake. Chimenecho tsopano mukhoza kuchipempha ndi dzina m'kalata yachiwiri, ngati woweruza wanu angakupatseni nthawi.